Kodi cone filter ndi throttle body yaikulu zimaonjezeradi mphamvu ya injini?

Nkhani iyi siimatha anthu okonda magalimoto akakumana, makamaka amene angoitanitsa kumene Corolla, Fielder, Altezza kaya Subaru kuchokera ku Japan. Munthu amachotsa chibokosi chakuda cha pulasitiki chija cha air cleaner, nkuika cone filter yofiira (fyuluta ya mpweya yosongoka yokhala poyera popanda bokosi), akaponda moto injini nkumalira mwaukali, nde basi mtima wake wakhazikika kuti mphamvu zakwera. Pakapita masiku wayambanso kufunsa mtengo wa throttle body yaikulu, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini. Ine zinthu izi ndimazikonda kwambiri ndipo sindikuletsa munthu kukonza galimoto yake mmene akufunira, koma zimandiwawa kuona injini yabwinobwino ikutha msanga chifukwa chomwa fumbi ndi mpweya wotentha pomwe mwini wake walipira ndalama zambiri poganiza kuti akuithandiza. Nde tiyeni tikambirane bwinobwino mmene zimayendera mkatimo.

Choyamba ndi choti injini ya petulo ntchito yake yaikulu ndi kupopa mpweya. Mafuta savuta kuonjezera, ma injector amatha kuthira ochuluka kuposa amene akufunika, chovuta ndi kulowetsa mpweya wokwanira woti mafutawo apse. Zili ngati mbaula, olo muunjike makala mpaka pamwamba, ngati mphepo siikulowa pansi moto suyaka mwamphamvu. Kuti petulo apse yense pamafunika makilogalamu 14.7 a mpweya pa kilogalamu imodzi ya petulo, ndipo mukawerengera mupeza kuti lita imodzi ya petulo imafuna mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000. Taganizani, mpweya onsewo ukuyenera kudutsa pa fyuluta, mu paipi, pa throttle body, mu manifold (mapaipi ogawira mpweya ku masilinda), kenako pa mavavu mpaka kulowa mu silinda. Paliponse pamene njirayi yapanikizika, injini imapuma movutikira ndipo mphamvu zimachepa. Apa mpamene ogulitsa zida amaimira, ndipo mfundo yawoyo payokha siyabodza ayi. Funso ndi loti pa galimoto yanuyo, malo opanikizikawo ali pati kwenikweni?

Throttle body ndi kachitseko kozungulira kamene kali pakati pa paipi yochokera ku fyuluta ndi manifold. Mukaponda moto simuthira mafuta ayi, mumangotsegula kachitsekoka, mpweya nkulowa wambiri, kompyuta ya galimoto nkuona kuti mpweya wachuluka nde nkuonjezera petulo. Magalimoto akale kachitsekoka kamakokedwa ndi waya wochokera ku pedulo, atsopanowa ambiri kamatembenuzidwa ndi kamota kakang'ono kolamulidwa ndi kompyuta, Toyota amati ETCS-i. Tibwereranso pamenepa chifukwa mpamene anthu ambiri amagwera m'mavuto.

Tsopano tiwerengere limodzi, masamu ake ndi ophweka. Tengani injini ya malita 1.5 ngati 1NZ-FE imene ili m'ma Corolla, Fielder, Probox ndi ist ambiri m'misewu mwathumu, imene imatulutsa mahosipawa pafupifupi 110 ikafika 6000 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 6000 pa mphindi. Injini ya four stroke imadzaza masilinda ake onse kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse, nde pa 6000 rpm ikanakoka malita 4,500 pa mphindi ikanakhala kuti ikudzaza mpaka pakamwa, koma siidzaza choncho, tingoti malita 4,000. Tiyerekeze kuti throttle body yake ndi ya 50mm. Mpweya umadutsa pamenepo pa liwiro la mamita 34 pa sekondi, ndipo presha imene imatayika pa liwiro limeneli ndi cha m'ma 0.6 kPa (kPa ndi muyezo wa presha), mwina kupitirirako pang'ono chifukwa cha kachitsulo kapakati kogwira chitseko. Mpweya wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre presha yake imakhala cha m'ma 90 kPa. Nde mukuona kuti zimene throttle ikuba ndi cha m'ma 1 peresenti kapena kucheperapo. Mukaika ya 60mm, bowo lakula ndi 44 peresenti zoona, zikumveka zambiri, koma presha yotayika ija yangotsika kufika cha m'ma 0.3 kPa, kutanthauza kuti mwapindula theka la hosipawa imodzi kapena osakwana nkomwe, ndipo phindulo likubwera pokhapokha mwaponda mpaka pansi singano ili pafupi ndi pofiira. Pa injini imene simunaisinthe china chilichonse, chimene chimaletsa mpweya kwambiri ndi mavavu, ma port a mu cylinder head ndi camshaft imene imalamula kuti mavavu atseguke motalika bwanji komanso kwa nthawi yaitali bwanji. Throttle ya kufakitale nthawi zambiri amaipanga yokwanira kale ndi kotsalako.

Nanga bwanji anthu amalumbira kuti galimoto yasintha akaika yaikulu? Sakunama, akumvadi kusintha, koma chimene akumvacho si mphamvu zatsopano. Chitseko chachikulu chikatseguka pang'ono chimalowetsa mpweya wambiri kuposa chaching'ono chotseguka mofanana, nde ukangogunda pedulo pang'ono galimoto imadumpha, munthu nkumati yakwiya. Zimene unkapeza utaponda theka tsopano ukuzipeza utaponda kotala, koma ukaponda mpaka pansi zonse zimafika malo amodzi omwewo. Kuipa kwake nkoti kuyenda pang'onopang'ono pa mzere wa magalimoto m'tauni kumavuta, galimoto imagwedeza, kunyamuka pa chitunda ndi klatchi kumafuna phazi losamala, ndipo ma automatic ena akale amene giya bokosi yake imadalira waya wochokera pa throttle amayamba kusintha magiya nthawi yolakwika ngati wayayo sanaikidwe bwino.

Pali kenanso kamene anthu amaiwala. Mukamanga throttle ya 70mm pa manifold imene khomo lake ndi 60mm, mpweya umakagunda pa mlomo wotsalawo nkuyamba kuvunduka, nde mwangosamutsa vuto ndi masentimita awiri. Pamafunika kupala khomo la manifold kuti zifanane. Komanso sensa ya TPS imene imauza kompyuta kuti chitseko chatseguka bwanji iyenera kuikidwa pa malo ake enieni, kavavu ka idle, kolowetsa mpweya injini ikamalira yokha osapondedwa moto, kayenera kugwirizana, apo bii galimoto izingozima pa roboti kapena kulira yokha pa 1500 rpm itaima. Ku zamagetsi zija za kamota nde nkhani imakula, chifukwa kompyuta ili ndi tebulo lake loti chitseko chikatseguka madigiri akutiakuti mpweya umalowa wochuluka chonchi, mukasintha kukula kwa bowo tebulo lonse lalakwika, ndipo ikaona kuti manambala sakugwirizana imatha kuyatsa check engine nkuika galimoto mu limp mode, imangokwawa. Popanda munthu wodziwa kukonza mapu a kompyuta, throttle yamagetsi musaisinthe.

Sikuti throttle yaikulu ilibe ntchito. Ili nayo, koma imabwera kumapeto. Mukasintha ma camshaft, mwapala cylinder head, mwaika ekizozi yotulutsa bwino kuyambira pa ma branch, injini yayamba kuzungulira mpaka 8000 rpm, kapena mwaika turbo yaikulu, apo mpweya wofunika wakwera kwambiri ndipo throttle yakale ikhoza kukhaladi chotchinga. Dziwani kuti presha yotayika imakwera mofulumira kuposa mpweya, mpweya ukawirikiza kawiri kutayikako kumawirikiza kanayi. Ndi chifukwa chake injini zothamanga kwambiri zina amazipatsa throttle imodzi pa silinda iliyonse, ngati 4A-GE ya mavavu 20 imene inkabwera mu Levin ndi Trueno za AE101 ndi AE111, kapena BMW M3 ya E46. Zimenezo zinapangidwa limodzi ndi injini yonse kuchokera pachiyambi, ma cam, ma port, kompyuta, zonse zikulankhulana.

Tsopano za fyuluta ndi paipi, pomwe ambiri timayambira chifukwa nzotchipa. Apa pali zinthu zitatu zimene zimalimbana, kuchuluka kwa mpweya, kuzizira kwake ndi ukhondo wake, ndipo kwathu kuno ziwiri zomalizazi ndi zimene zimalamula.

Mpweya ukatentha umapepuka, mu lita imodzi mumakhala oxygen wochepa. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kulemera kwa mpweya kumatsika ndi pafupifupi 3 peresenti. Chibokosi cha kufakitale chija chili ndi mlomo umene umakatenga mpweya kutsogolo kuseri kwa grille kapena mkati mwa fenda, komwe kuli mpweya wakunja. Mukachichotsa nkuika cone filter poyera pansi pa boneti, pafupi ndi radiyeta ndi ekizozi manifold, injini ikumwa mpweya umene wadutsa kale pa radiyeta. Ngati kunja kuli madigiri 30 ndipo pansi pa boneti pali 60, zomwe zimachitika mosavuta galimoto ikamayenda pang'onopang'ono mu Okutobala, mpweya wapepuka ndi 9 peresenti. Chinanso, kompyuta ili ndi sensa yoyeza kutentha kwa mpweya wolowa, ikaona kuti watentha kwambiri imachedwetsa moto wa mapulagi poopa kuti injini ingayambe kugogoda, nde mphamvu zimatsikanso kachiwiri. Mwapindula 1 peresenti pochotsa chotchinga, mwataya zingapo pa kutentha. Galimoto ikathamanga pa msewu waukulu mphepo imalowa ndipo kusiyanaku kumachepa, koma ponyamuka pa roboti, pomwe ambiri amafuna kuonetsa, mpamene cone yapoyera imakhala yofooka kwambiri. Amene amapita ku Chikwawa ndi Nsanje nyengo yotentha akudziwa kutentha kumene ndikunena.

Ndi chifukwa chake kunabwera zimene amati cold air intake, paipi yaitali imene imatsitsa fyuluta pansi kuseri kwa bampala. Pa kuzizira imachita bwino ndithu. Koma taganizani nyengo ya dzinja kwathu kuno, madzi odzadza mu msewu, timilatho tomira, zithaphwi zobisa maenje. Madzi sapanikizika ngati mpweya. Fyuluta ikamira injini ikulira, madzi amakokedwa mpaka mu silinda, pisitoni ikamakwera imakumana ndi chinthu chosasunthika, con rod, kachitsulo kogwira pisitoni, nkupindika kapena kuthyoka kuboola block. Madzi osadzaza kapu ya tiyi ndi okwanira kupha injini, chifukwa malo otsala pamwamba pa pisitoni ya injini ya malita 1.5 ndi cha m'ma 40cc basi. Fyuluta ya pansi choncho ine sindingailimbikitse kwa munthu amene galimoto yake imayenda tsiku ndi tsiku mvula ndi dzuwa.

Fumbi nde nkhani imene ndikufuna muimve kwambiri. Zida zambirizi zinapangidwira misewu ya ku Japan, ku America ndi ku Ulaya, komwe galimoto imatha chaka osaponda dothi. Ife tikangochoka pa tara kulowa kumakomo kwathu kapena kupita kumudzi mu Seputembala, galimoto yakutsogolo imatiphimba ndi fumbi mpaka kuyatsa magetsi masana. Mu fumbi muli timchenga tolimba kuposa chitsulo cha silinda, tikalowa timasakanikirana ndi oyilo nkumapala ma ring ndi makoma a silinda pang'onopang'ono, osamva phokoso lililonse, mpaka tsiku lina mwaona utsi wabuluu, oyilo akuchepa, compression yatsika. Fyuluta ya pepala yabwino imagwira fumbi loposa 99 peresenti. Zansalu zothira mafuta, zimene K&N ya ku California inatchuka nazo kuyambira 1969, zimalowetsa mpweya mosavuta chifukwa mabowo ake ndi aakulu ndipo zimadalira mafutawo kuti agwire fumbi, nde zikauma kapena zikachapidwa molakwika zimadutsitsa zambiri. Pali zasiponji ngati za HKS, pali zouma zosafuna mafuta ngati za Apexi ndi AEM, palinso zawaya wachitsulo chokhachokha zimene kwathu kuno sizoyenera nkomwe. Ndipo zambiri zotchipa zopanda dzina zimene zimangofanana mtundu ndi zenizeni, mukaziunika padzuwa mumaona kuwala kukudutsa m'timabowo. Pamene padutsa kuwala choncho fumbi limadutsanso. Kusiyana kwa 99 ndi 97 peresenti kumaoneka kochepa, koma tanthauzo lake nkuti fumbi lolowa mu injini lachuluka katatu.

Kuyesa kwake nkosavuta, masulani paipi kuseri kwa fyuluta mupisemo chala kapena kansalu koyera. Mukapeza fumbi mkatimo, fyulutayo ikudutsitsa kapena pali polumikizira pamene pakupuma.

Kenako pali sensa ya MAF, kamene kamakhala pa paipi pafupi ndi fyuluta m'magalimoto ambiri a Toyota, Nissan, Subaru ndi Mazda. Mkati mwake muli kawaya kotenthedwa ndi magetsi, mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, kompyuta nkuwerengera kuchuluka kwa mpweya kuchokera pa magetsi ofunika kuti kakhalebe kotentha. Koma kamayeza kachigawo kakang'ono chabe ka mpweya, zotsalazo kompyuta imachulukitsa podziwa kukula kwa paipi ya kufakitale. Nde mukakaika mu paipi yonenepa yonyezimira ija, mpweya omwewo ukuyenda pang'onopang'ono, sensa ikunena kuti mpweya ndi wochepa, kompyuta ikuthira petulo wochepa, injini ikuyenda ndi njala ya mafuta. Poyenda bwinobwino sensa ya oxygen ya ku ekizozi imaona vutoli nkukonza, mpaka malire ake, ikalephera mpamene mumaona check engine ndi code ya P0171 kapena P0101 pa mashini. Choopsa ndi poponda mpaka pansi, chifukwa magalimoto ambiri nthawi imeneyo samvera sensa ya oxygen, amangokhulupirira MAF, ndipo injini ya turbo ngati EJ20 ya Subaru ikachepekedwa mafuta ili pa boost (turbo ikukankhira mpweya mwamphamvu) pisitoni imatha kusungunuka. Fyuluta yothiridwa mafuta opyola muyezo nayo imatha kudetsa kawaya kaja nkuyamba kuwerenga zabodza. Magalimoto ogwiritsa MAP sensa m'malo mwa MAF, ngati ma Honda ambiri akale, savutika kwambiri ndi zimenezi chifukwa amayeza presha mu manifold momwemo.

Timabokosi tina topanda potulukira timene timalendewera pa paipi ya kufakitale, makaniko ena amati nzopanda ntchito nkuzidula. Ndi ma resonator amenewo. Mpweya mu paipi suyenda mosalala, umagunda ngati mafunde nthawi iliyonse vavu ikatseka, ndipo mainjiniya amasankha kutalika ndi kukula kwa mapaipi kuti fundelo libwerere pa nthawi yoti likankhire mpweya wina mu silinda vavu isanatseke. Paipi yaitali yopyapyala imathandiza pa ma rev otsika, yaifupi yonenepa imathandiza pamwamba, ndipo Toyota anafika popanga ACIS imene imasintha kutalika kwa njira ya mpweya injini ikuyenda. Ena mwa ma resonator ndi ongochepetsa phokoso, zoona, koma ena akachotsedwa mumapeza galimoto yafooka cha pakati, pa 2500 mpaka 3500 rpm, pomwe timayendera tsiku lonse ndi pomwe timafuna mphamvu podutsa lole pa M1.

Za kupulumutsa mafuta nazo ndinenepo, poti ndi zimene ogulitsa amakonda kulonjeza. Mukamayenda mwachizolowezi chitseko cha throttle chimakhala chotseguka pang'ono, ndipo ndi chimene chikutchinga mpweya mwadala, fyuluta ikalowetsa mosavuta inu mumangobweza phazi pang'ono, mpweya ndi petulo nkukhala chimodzimodzi. A Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa zimenezi mu 2009 ndipo anapeza kuti pa magalimoto a injection fyuluta yotsekeka siisintha kwenikweni kamwedwe ka mafuta, imangochepetsa mphamvu pothamangitsa, pomwe pa galimoto ya carburettor mpamene mafuta amakwera. Nde ngati fyuluta yotsekeka siikweza mafuta, yotseguka kwambiri siingawatsitse. Timbale toika kuseri kwa throttle toti timazunguza mpweya, ndi timafani tamagetsi ta mu paipi toti ndi supercharger, musataye nazo ndalama.

China chimene tiyenera kuvomereza ndi kumene tikukhala. Lilongwe ndi Blantyre zili pa mtunda wopitirira pang'ono mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, Mzuzu cha m'ma 1,250, Dedza cha m'ma 1,600, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu pa mamita 300 alionse. Galimoto yolembedwa 110 ku Japan ikafika ku Lilongwe yatsala cha m'ma 98 kapena 99. Abale athu ali ku Johannesburg, komwe ndi mamita oposa 1,700, amazidziwa bwino, galimoto yomweyo ikatsikira ku Durban imakhala ngati ina. Palibe fyuluta kapena throttle imene ingabweze zimenezi, chifukwa vuto si njira, ndi mpweya weniweniwo umene wapepuka. Chimene chimabweza ndi turbo kapena supercharger basi. Pa magalimoto a turbo nawo, mpweya umatenthedwa ndi turbo yomweyo, nde intercooler yabwino yoziziritsa mpweyawo ndi mapaipi osadontha zimapindulitsa kuposa cone. A ma dizilo ngati Hilux D-4D, mphamvu zanu zimalamulidwa ndi mafuta ndi boost, chitseko chimene chilipo ntchito yake yaikulu ndi ya EGR (kubwezera utsi wina mu injini) ndi kuzimitsa injini mosagwedeza, kuchikulitsa sikukupatsani kanthu, bola snorkel yomangidwa bwino imene imatenga mpweya m'mwamba kutali ndi madzi.

Nde munthu wofunadi kuti injini yake ipume bwino ayambire pati? Ayambe wayeza. Kachipangizo ka OBD2, kowerenga manambala a kompyuta ya galimoto nkuwaonetsa pa foni, kamagulidwa motchipa masiku ano. Ngati galimoto ili ndi MAP sensa, tsegulani kiyi injini isanalire muone nambala, imeneyo ndi presha ya kunja, mwina 90 kPa. Kenako pa msewu wopanda anthu, wina akugwirirani foni, pondani mpaka pansi mu giya yachiwiri kufika ma rev apamwamba. Ikatsika kufika 88 kapena 89, njira yanu yonse kuyambira pa mlomo mpaka pa throttle ikungotaya 1 kapena 2 peresenti, palibe choti mugule. Ikatsika kufika 84 kapena 83 nde pali chotchinga, ndipo kawirikawiri mupeza kuti ndi fyuluta yakuda, paipi yophwanyika mkati kapena mlomo wopapatiza wa kutsogolo kwa bokosi, osati throttle. Onaninso kutentha kwa mpweya wolowa poyerekeza ndi kwa kunja, ndi ma fuel trim, manambala oonetsa petulo amene kompyuta ikuonjezera kapena kuchepetsa pokonza, amene akamapitirira 10 peresenti ndiye kuti penapake pakulakwika.

Pa galimoto ya tsiku ndi tsiku, zimene ine ndimalimbikitsa ndi kusunga bokosi la kufakitale, kuikamo fyuluta yeniyeni nkumaisintha msanga kuposa mmene buku likunenera poti buku silinalembedwere fumbi lathu, osaipopera ndi kompresa mwamphamvu chifukwa pepala limang'ambika mosaoneka, kutsuka throttle body imene ilipo kale pochotsa mwaye wakuda uja kenako nkuiphunzitsanso idle ngati ndi yamagetsi, kutsuka MAF ndi mankhwala ake enieni osakhudza kawaya, ndi kuona kuti paipi ya labala ilibe ming'alu m'makwinya mwake. Galimoto zambiri zimene eni ake amati zafooka zimabwerera mwakale ndi zimenezi zokha. Ngati mlomo wa bokosi ndi wopapatiza, mutha kuukulitsa kapena kuonjezera paipi ina yochokera kutsogolo, malo okwera osafika madzi. Ndipo ngati mtima uli pa cone chifukwa cha kulira kwake, zomwe ndikuzimvetsa ndithu poti kulira kwa injini ikamakoka mpweya nkokoma, gulani yeniyeni, muitsekere m'bokosi lake kapena muike chotchinga kutentha pakati pa iyo ndi injini, muibweretsere mpweya wakunja, paipi ya pa MAF isiyeni kukula kwake komweko, ndipo mukatha kumanga muyezenso ndi kachipangizo kaja kuti muone ngati kutentha ndi ma fuel trim zili pamene zinali.